Mawu amene ndinanena pamaliro a mwana wanga

Mwana wanga wachiwiri anamwalira ali ndi zaka zinayi, m'dzinja. Anayamba kutentha thupi Lachitatu, pofika Lachisanu anali akukomoka. Kuchipatala anati ndi malungo aakulu, ndipo namwino anandifunsa chomwe ndinachedwera. Masiku awiri onsewo ndinali kudambo kupalira mpunga, mwana nditangomumwetsa mapiritsi ogula pagolosale.

Tinkakhala ku Benga, nyumba yanga moyang'anizana ndi ya achemwali anga. Tinabadwa awiri okha. Iwo ukwati wawo unatha chifukwa sanabereke, choncho ana anga ankawalera ngati awo. Womwalirayu ndiye ankawakonda koposa, kudya kwake kunali komweko.

Tsiku la maliro, m'nyumba mutadzaza azimayi, achemwali anabwera akulira kudzandigwira paphewa. Ndinawakankha.

"Musandikhudze," ndinatero. "Munalephera kubereka wanu, ndiye mwadya wanga."

Nyimbo inadukira pakati. Achemwali anandiyang'ana kanthawi, kenako anatola chitenje chawo chomwe chinagwa, n'kutuluka. Pamene ndinkanena mawuwo ndinkadziwa kuti ndi bodza. Ndinkangofuna munthu woti asenze mlandu womwe unali wanga.

Mudzi unawalandira mawuwo. Kumjigo azimayi anayamba kusuntha zidebe zawo achemwali akafika. Zitumbuwa zomwe ankagulitsa pamsewu zinkabwerera zonse m'beseni. Ine ndinkaziona ndili pakhomo panga, osanena kanthu. Titakolola mpunga achemwali ananyamula katundu wawo n'kupita ku Dwambazi. Patapita nthawi tinamva kuti akwatiwa ndi bambo wina wosoka maukonde, ndipo alowa Chisilamu.

Kwathu ndife a Anglican kuyambira makolo. Sindinasiye kupita kutchalitchi, kwaya ndinkaimbabe, mayunifolomu ochapa bwino. Koma anzanga akamadzuka kukagwada kutsogolo kuti alandire Mgonero, ine ndinkatsala pabenchi, kunamizira kufufuza nyimbo m'buku. Ndikagwada kunyumba kuti ndipemphere, zinkakhala ngati ndikuodira pakhomo pomwe eni ake alimo koma sakundiyankha. Ndinabereka ana ena awiri, mpunga unkachita bwino, anthu ankati Mulungu wandipukuta misozi. Ine ndinkamuopa Mulunguyo.

Patatha zaka zisanu ndi zinayi, ansembe ena atsopano anandipeza ndikusesa m'tchalitchi Loweruka masana.

"Mayi, chibwerereni kuno sindinakuonenipo mukulandira. Chilipo chovuta?"

Ndinakhala pansi tsache lili m'manja, n'kuwauza zonse. Anamvetsera osandidula.

"Mulungu sanachoke pamene munamusiya," anatero. "Koma munthu amene munamulakwira ali moyo, ndipo ku Dwambazi galimoto zimapita tsiku lililonse."

Ndinavomera, koma sindinapite. Chaka chimenecho ndinati ndidikire kaye ndikolole. Chaka chinacho ndinati mwana wamng'ono ayambe wakula.

Kenako alamu, amuna awo a achemwali, omwe ndinali ndisanawaonepo, anandiimbira foni. Anati akazi awo anagwa ali pamtondo, afa ziwalo mbali imodzi, ndipo iwo aona kuti ndi bwino m'bale wawo adziwe.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Ndinawapeza achemwali atagona pamphasa pakhonde, atavala mpango woyera, pakamwa patapotokera kumanzere. Anali ataonda moti ndinawazindikirira chipsera cha pachibwano. Ndinagwada pambali pawo.

"Achemwali, ndine. Ndinakunamizirani. Mwana uja ndinamuchedwetsa ndine kuchipatala, inu simunalakwe kanthu. Ndikhululukireni."

Anandiyang'ana. Milomo inagwedera koma panangotuluka malovu. Diso lakumanzere linayamba kugwetsa misozi, ine mtima unagunda kuti mwina yankho ndi limenelo. Alamu, omwe anakhala poteropo ndi ukonde pamiyendo, analankhula motsitsa.

"Diso limenelo limangotero chigwereni, alamu. Sindifuna kukunamizani."

Nditawapukuta achemwali pakamwa ndinawafunsa alamuwo ngati akazi awowo ankandinena.

"Ayi. Nkhani ya ku Benga ndinaimva kwa ena, kwa iwowa ayi. Za mwana uja ndiye ankakamba kawirikawiri, mmene ankasekera, mmene ankakondera chinangwa chootcha. M'mwezi wosala kudya ankapempherera abale awo onse. Ngati inu munalimo, akudziwa ndi Mulungu."

Ndinakhala kumeneko milungu iwiri. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni. Nthawi ya swala, pemphero lawo la Chisilamu, ikakwana alamu ankasamba m'manja ndi kumapazi n'kuyala kamkeka kawo chapafupi kuti akazi awo azimva. Ine ndinkapita kuseri kwa nyumba kukapemphera mwakwathu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo ndinkatha kufika kumapeto a pemphero. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi, anandigwira pamkono ndi dzanja lawo lamoyo lija. Anafinya kwambiri, mpaka zikhadabo zinasiya zizindikiro. Mpaka lero sindidziwa ngati ankandikokera kwa iwo kapena ankati ndiwaleke.

Anamwalira patatha miyezi itatu, ine ndili ku Benga. Anawaika tsiku lomwelo monga mwa chipembedzo chawo, moti ndinakapeza anthu atabwerako kale kumanda.

Nditabwerera ndinakalapa pamaso pa ansembe aja. Anandiuza kuti Mulungu wandikhululukira, ndipo Lamulungu lotsatira ndinakagwada kutsogolo kulandira Mgonero. Ndimakhulupirira kuti ananena zoona. Masiku ena ndikakhala ndekha m'munda ndimamva kuti Mulungu ali pafupi, ndimalankhula naye ngati munthu wapakhomo. Masiku ena ndimadzifunsa ngati ndi chilungamo kuti ine ndipeze mtendere wotero, pamene amene ndinamuthamangitsa anafera kwa eni.

Chaka chatha abale athu atasonkhana pa mwambo wa manda a amalume, ndinapempha kuti ndilankhule. Ndinaimirira pakati pa onse n'kunena kuti achemwali sanali mfiti, bodzalo ndinalipeka ndine. Ena anawerama, ena anayamba kukonza zitenje zawo. Azakhali athu, omwe tsopano akuyendera ndodo, anandikodola kuti ndisendere pafupi.

"Mwanawe, ukungomumvera chisoni poti anafa," anatero. "Ife zochita zake tinkazidziwa."

Ndinawafotokozeranso za malungo, za masiku awiri omwe ndinali kudambo. Anapukusa mutu n'kutembenukira kwa mnzawo, kufunsa ngati mvula yafika kale kwawoko.