Tsiku Limene Anatsekula Kamera ya aMbewe

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire, ngakhale sindinganene kuti ndinagona kwenikweni. Ndinali pamphasa m'nyumba ya siwa, msana nditatsamiza kukhoma. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atagona mothithikana mpaka pakhomo. Amuna anga, aMbewe, anali pakati pathu atafunditsidwa nsalu yoyera. Anali mphunzitsi pasukulu ya mpingo kufupi ndi Mkaika, ndipo chibayo chinawatenga m'masiku asanu ndi limodzi okha. Zinachitika m'masiku a Chitaganya, mvula ili pakati.

Ine kwathu ndi ku Sinda, iwo kwawo kunali ku Vubwi. Tinakhala zaka zisanu ndi ziwiri opanda mwana. Mitsinje inali itadzaza, motero akulu a mpingo anagamula kuti maliro aikidwe pomwepo, kumanda a mpingo. Uthenga wopita kwathu unanyamuka mochedwa. Mwa anthu onse odzaza nyumba ija munalibe wachibale wanga ndi mmodzi yemwe.

Panja anthu ankalimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi n'kumalowa m'nyumba. Nditasuzumira pakhomo ndinaona udzu uli mbuu ndi mame. Nthawi ngati imeneyo ndi imene aMbewe ankandidzutsa Loweruka kuti tikajambule tizilombo. Ankati m'mamawa tombolombo ndi ziwala zimakhala zozizidwa, mapiko atanyowa, ndiye sizithawa. Kamera yawo inali kabokosi kakuda kamene anawasiyira mnzawo wobwera ku Joni. Sinkaona bwino zinthu zapafupi, choncho anamangirira galasi la mandala kutsogolo kwake ndi mphira wa njinga. Anadulanso kabango koyezera. Kachilombo kakakhala pamapeto penipeni pa bangolo, chithunzi chinkatuluka mpaka ubweya wa m'miyendo. Akaphonya ndi chala chimodzi, chinkatuluka ngati chifunga. Kamera ankaikhazika panjerwa, iwo n'kugona chafufumimba m'mame. Ine ndinkaima mbali yochokera mphepo nditatambasula chitenje kuti tsamba lisagwedezeke, kapena kugwira mbale yoyera kuti iponye kuwala kunsi kwa tsamba. Mthunzi wanga unali wosayenera kugwera kachilombo. Akati “basi”, tonse tinkasiya kupuma. Zithunzizo ankaphunzitsira ana kusiyanitsa tizilombo toononga mbewu ndi tothandiza m'munda.

Kutacha anthu anayamba kufika m'magulu, ena ndi nkhuni pamutu, ena ndi ufa m'madengu. Ana a sukulu anakhala phee pansi pa mtengo wa mango. Kuseri kwa nyumba amisiri ankakhoma bokosi. Amayi awiri amene anakhala kunja kwa khoma limene ndinatsamira ankalankhula motsitsa, osadziwa kuti mawu akudutsa pawindo. Wina anati munthu wamkulu sagona m'tchire mbandakucha popanda chifukwa. Winayo anati zimene ankatsekera m'kabokosi kaja ndi zomwezo zawatembenukira.

Dzuwa litakwera pang'ono anafika amalume awo a aMbewe, njinga ili matope okhaokha. Ananyamuka atangomva za matenda, nayenda masiku awiri, mitsinje ina akuwoloka njinga ili pamutu. Analowa, anagwada, analira, kenaka anapita kukakhala ndi akuluakulu. Mphekesera zija zinawafika kumeneko. Posakhalitsa mkulu wa mpingo analowa n'kufunsa kumene kunali kamera. Ndinaloza kuchipinda, poganiza kuti akufuna kuisunga pabwino.

Mukameramo munali filimu yosatha. Masabata awiri m'mbuyomo tinali titapeza chiswamphika m'mphepete mwa munda, koma chinauluka aMbewe akuyeza ndi bango. Anaseka, anamasula galasi lija, nandipatsa kamera.

“Lero jambulani ine, aNatembo. Mlendo wathu wathawa.”

Anaima pafupi ndi chimanga, mawondo a buluku ali onyowa, ndipo ndinadina. M'zaka zonsezo palibe anawajambulapo. Munatsala malo awiri mufilimumo, ndiye anati tikadzaza adzaitumiza pabasi ku Fort Jameson kukatsukitsa.

Amalume aja anaima pabwalo kamera ili m'manja. Ndinkawaona bwino kudzera pakhomo.

“Abale, ndamva zimene zikunenedwa. Mwana wa mlongo wanga sangapite kumanda ndi mbiri yotere. Onani nokha zimene zili m'katimu.”

Ndinafuna kudzuka, koma amayi amene anali pambali panga anandigwira paphewa, poganiza kuti ndikufuna kudzigwetsa ndi chisoni. Namfedwa safuula kwa apongozi pagulu. Ndinangoti “Asatsekule,” ndipo mawuwo sanadutse pakhomo. Amalumewo anavutika nako kabokosiko kanthawi, kenaka kanatseguka. Anasolola filimu yonse, kutalika ngati lamba, naikweza m'mwamba. Mitambo inali itang'ambika ndipo dzuwa linali ngwee. AMbewe anandiuzapo kuti filimu yosatsuka ikangoona kuwala, zonse zimafufutika nthawi yomweyo.

Anthu anapatsirana kabokosi kopanda kanthu, aliyense kusuzumiramo. Ena anagwedeza mutu mwamanyazi. Mkulu wa mpingo anayambitsa nyimbo, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo. Ine ndinalira kwambiri kuposa tsiku limene anatsirizika, amayi aja n'kumandisisita pamsana.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Adzukulu anali patsogolo ndi bokosi, ana a sukulu m'mizere iwiri, ife amayi pambuyo. Njira inadutsa m'mphepete mwa munda wathu. Kunayamba kuwaza kamvula kopanda mphepo. M'manda munali mutalowa madzi, ndipo anayamba awakapa ndi chidebe ife titaima. Mlaliki sanatalikitse. Amalume poyankhula anathokoza mpingo ndi mudzi, nati akubwerera kwawo mtima uli pansi chifukwa dzina la mwana wawo layera. Anandipatsa dothi m'dzanja, ndinaponya, kenaka makasu anayamba.

Pobwerera anthu anasamba m'manja, anadya, n'kuyamba kutsanzika. Mphasa zobwereka zinapindidwa. Mphunzitsi wamkulu anandiuza mwaulemu kuti ndisafulumire, nyumbayo, poti inali ya sukulu, idzafunika ana akamadzatsekulira chigawo china. Amayi awiri amene anasankhidwa kugona nane anapita kaye kukaona ana kwawo.

Dzuwa likulowa, amalume anabwera. Sanalowe. Anakhala pakhonde atayang'ana kumbali, monga amachitira apongozi, naika kamera pakhomo. Pamwamba pake panali filimu ija, atayikulunga bwinobwino n'kuimanga ndi luzi.

“Apongozi, katundu wanu uyu. Sindinataye kanthu, zonse zilipo. Mukatsukitse, mwina muli timagulugufe take tomaliza.”

Anali munthu wotopa, mapazi otupa, amene anachita zimene anaona kuti n'zabwino. Ndinaomba m'manja.

“Zikomo, apongozi. Mwagwira ntchito.”

Atachoka ndinamasula luzi lija n'kutambasula filimu pakhomo, pamene panali kuwala kotsala. Ndinaiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapeto, kenaka ndinabwerezanso. Inali yotuwa yonse, yofanana paliponse. Ndinaikulunganso n'kuika m'sutikesi.

M'nyumba munkanunkha utsi ndi zovala zonyowa. Pansi panali matope a mapazi a anthu ambiri, koma sindinasese. Ndinakhala pampando wawo, ndinatseka maso, ndi kuyamba kuwakumbukira nkhope pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi, kuti ndiigwire isanayambe kundithawa. Ndinali ndikadali pomwepo pamene amayi aja anaodira panja.