Chithunzi cha mfuti zinayi chimene ndinatumizira bambo anga

Abale anga, izi si zongopeka ayi, zinandichitikira ine mwini wake, ndipo wofuna kutsutsa atsutse, ndilibe naye mlandu. Maina sinditchula chifukwa ena mwa anthuwa akadali moyo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndinkakhala ku Alexandria, ku Amereka, ndikugwira ntchito ku banki ina mu Washington. Mzungu wina wa ku ofesi ndi amene anandiyambitsa zotolera mfuti zakale za asilikali, zimene masiku amenewo zinkagulitsidwa poyera ngati makasu, zitapakidwa girisi wonunkha woti umatha sabata ukumuchotsa ndi parafini. Chimene chinandikoka ine n'choti bambo anga anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ija, ndipo tili ana ankatenga mpini n'kumatisonyeza mmene ankakokera chitsulo cha mfuti ya Angelezi akawomba. Tsiku limene ndinaigwira yeniyeni, ya mtengo wakuda bii ndi thukuta la anthu, misozi inalengeza m'maso. Ndinagula imodzi, posakhalitsa zinakwana zinayi. Mkazi wanga ankati bola ndikanakhala wa mowa, chifukwa botolo sililanda malo a madiresi m'kabati.

Loweruka lina ndinatenga anzanga atatu akwathu kupita nawo kumalo owomberako mfuti, kunja kwa tauni ku Virginia. Awiri anali okhazikika kuno. Wachitatu anali mphunzitsi amene anabwera kudzachita digiri yachiwiri, bambo wofatsa, atasiya mkazi ndi ana awiri kumudzi, ndipo Lamulungu lililonse ankadya kwathu. Iyeyu mfuti ankaiopa zedi. Anawomba kamodzi kokha atatsinzina, inamumenya paphewa, chipolopolo osakhudza n'komwe pepala, ife kuseka mpaka kugwira nthiti. Pochoka mzungu uja, amene anapita nafe, anatijambula titaima pamzere, aliyense mfuti m'manja, mphunzitsi uja chipewa chitamuphimba nkhope. Ndiye ine, chitsiru ine, ndinalemba kuseri kwa chithunzicho kuti bambo taonani asilikali anu, n'kuchiponya pa positi. Kodi ndinali nditaiwala kuti makalata ochokera kunja ankayamba awerengedwa ndi ena asanafike kwa eni ake? Sindinaiwale ayi, kunali kukhuta chabe.

Panapita miyezi itatu osamva kanthu. Kenako masana ena titaweruka kutchalitchi kunabwera bambo wina wakwathu, mkulu wa mpingo, wa suti yosachoka m'thupi, amene ntchito yake yeniyeni palibe ankaidziwa. Anamwa tiyi, anayamikira mabisiketi, anafunsa za sukulu ya ana. Mkazi wanga atalowa kukhitchini, bamboyo anapisa m'thumba la jekete n'kuika chithunzi chija patebulo, mbali yolembedwa ili pamwamba. Abale, zinali zolemba za dzanja langa, zitabwerera kuchoka kutsidya la nyanja m'thumba la munthu wina.

Anandiuza mwaulemu wonse kuti bambo anga akusungidwa pamalo ena kuti afotokoze za asilikali amenewa, amene akuphunzira nkhondo ku Amereka. Ndinalumbira kuti n'zosewera chabe, mfuti zake n'zokalamba kuposa ine, timawombera mapepala basi. Iye anangomwetulira. Anati awiri enawo akuwadziwa kale ndipo alibe nawo ntchito poti kumudzi sapita. Kenako anaika chala pa wachipewa uja.

"Uyu ndani? Ganizani bwino, achimwene. Bambo anu akutsokomola kwambiri, ndipo kumene aliko kulibe bulangete."

Munganene kuti mukanakhala inu mukanamuthamangitsa. Nenani, pakamwa ndi panu. Ine ndinaona nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi itagona pa simenti chifukwa cha matama anga, ndipo dzina la mphunzitsi uja linatuluka m'kamwa mwanga tiyi asanazizire. Ponyamuka anawonjezera kuti mnzangayo, amene anali atatsala ndi miyezi iwiri kuti abwerere kwawo, akangolephera kukwera ndege aboma adziwa kuti wamutsina khutu ndine.

Miyezi iwiri imeneyo munthu uja ankabwerabe kudzadya kwathu, n'kumationetsa nsapato zimene wagulira ana ake. Ine chakudya chinkangozungulira m'kamwa. Tsiku lonyamuka ndinamuperekeza ndekha ku bwalo la ndege, ndinamunyamulira sutikesi, iye n'kundikumbatira akuthokoza kuti ndinali m'bale wake weniweni kuchilendo kuno. Atafika kwathu, aboma anamutengera pa bwalo la ndege pomwepo atangotsika, mkazi wake akudikira panja. Anatuluka patapita zaka zisanu ndi chimodzi, maso atafooka, ntchito palibe, mwana wake wamng'ono osamuzindikira.

Bambo anga anawamasula patangotha masabata awiri. Ndinadikira kalata, sinabwere. Patapita chaka, mlamu wanga atabwera kudzacheza ndi amene anandipatsira mawu awo. Anati nkhalambayo inamuzindikira mphunzitsi uja tsiku loyamba lomwe, poti anakaitsanzika asanabwere kuno ndipo wotchi imene inkaoneka pamkono pake inaidziwa, koma miyezi yonse ija inkangoyankha kuti maso ake ndi okalamba. Mawu amene inanditumizira anali ochepa.

"Mukamuuze kuti ine ndinali nditapirira kale. Iye ndinamutuma?"

Anamwalira osandilemberanso. Mfuti zija ndinazigulitsa kwa mzungu yemwe uja, amene mpaka lero akuganiza kuti zinangonditopetsa.

Chimene ndikukhulupirira tsopano n'choti mkulu wa suti uja anali akudziwa kale dzinalo. Akwathu tinalipo angati kuno masiku amenewo? Ankangofuna kuti lituluke pakamwa panga, kuti ndikhale wake moyo wanga wonse, ndipo ndinakhaladi chete zaka zonsezi. Ndiye inu amene mumatumiza zithunzi kumudzi kuti akuoneni mmene mukusangalalira, yambani mwafunsa amene mwaima nayeyo ngati akufuna kuonekera. Inu mutsala kuno, koma iye mwina ali ndi tikiti yobwerera.