Khadi la Mlongo Wanga

Adona amene ndinkawagwirira ntchito anali ndi makhadi oombezera. Ankawatcha taroti, ndipo ankawasunga atawakulunga m'nsalu yofiirira, m'kabati ya mbale, pashelefu imene ine ndinaletsedwa kupukuta fumbi. Anali mayi wokalamba, wamasiye, wokhala yekha m'chinyumba chachikulu. Ine ndinali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wochapa, wosita, wophika, wogona m'kanyumba ka kuseri. Kwathu ku Kambuzuma ndinkapita Loweruka madzulo n'kubwerako Lolemba m'mawa pa basi yoyamba.

Inali nthawi ya nkhondo. Mu mzinda wa Sozibele mfuti sizinkamveka kawirikawiri, koma makomo ambiri anali ndi munthu amene sankatchulidwa mokweza. Lachitatu lililonse masana kwa adona kunkabwera azimayi achizungu amene ana awo kapena amuna awo anaitanidwa ku usilikali. Ankakhala pakhonde la kuseri, ine n'kumawathirira tiyi mosafulumira, makutu ali tcheru. Ndinkaseka chamumtima. Anthu omwewa ankatinena ife kuti tili mumdima chifukwa choombeza ula, koma ula wawo ukatuluka m'nsalu muja ankakhala chete kuposa m'tchalitchi.

Kagwiridwe ka adona kanali kamodzi nthawi zonse. Ankayamba ndi kufunsa tsiku limene munthu wosowayo anabadwa. Akamva, ankasanthula makhadiwo n'kutulutsa limodzi lokhala ndi chithunzi cha munthu, mfumu kapena mfumukazi, kapena mnyamata wokwera kavalo, n'kuliika pakati pa tebulo kuti liimire mwini wakeyo. Ankati makhadiwo ali ndi mabanja anayi, la ndodo, la zikho, la malupanga ndi la mbale zozungulira, ndipo banja lililonse lili ndi chake: moto, madzi, mphepo, dothi. Nyenyezi imene munthu anabadwira ndiyo inkanena banja lake. Kwa msilikali wachinyamata ankatulutsa wokwera kavalo. Ndinawaona okwera akavalo anayi onsewo kambirimbiri, akugona pakati pa makapu ndi mabisiketi.

Nafenso kwathu tinali ndi wosowa. Mlongo wanga, amene anandiponda pamutu, anachoka pasukulu ndi anzake atatu n'kuwoloka malire kupita kwa anyamata a m'tchire, omenyana ndi boma la azungu. Bambo, amene ankagwira ntchito ku fakitale ina ku Willowvale, ankamuuza nthawi zonse kuti nkhondo iyi si yathu, ife ndife obwera, kwathu ndi ku Nyasalande. Iye ankayankha kuti kwawo kwa munthu ndi kumene anakwirira mchombo wake, ndipo wake uli konkuno. Patapita chaka ndi miyezi, mayi wa mmodzi wa anzake aja anabwera kunyumba nanong'oneza kuti msasa umene anawo ankakhala unaphulitsidwa ndi ndege. Mwana wake anapulumuka natumiza mawu. Mlongo wanga anaoneka m'mawa wa tsikulo, koma pambuyo pake palibe anamuonanso.

Akuluakulu a gulu lathu la maliro, anthu ochokera kumudzi okhaokha, anauza bambo kuti mwana sangakhale m'malere choncho. Mwambo ulipo. Mtembo ukasowa, anthu amaika thunthu la nthochi m'manda, abale n'kulira, n'kumeta, mzimu n'kugona. Bambo anavomera. Amayi anakana. Anati palibe amene anaona mtembo, ndipo iwo sangalirire nthochi mwana wawo akuyenda ndi miyendo iwiri kwinakwake. Bambo sakanaitana anthu mayi wa mwana asanalole. Miyezi isanu inatha choncho, m'nyumba anthu akulankhulana za mchere ndi sopo basi. Ine ndinali mbali ya amayi. Ndinkafuna kuti wina andiuze kuti mlongo wanga ali moyo, kaya akhale ndani.

Tsiku lina alendo atapita, ndikuchotsa makapu, ndinalimba mtima. Ndinawauza adona kuti ndili ndi mlongo amene anapita ku migodi ya ku Joni ndipo salemba kalata. Zoona sindikananena. Mawu amodzi olakwika m'nyumba ya mzungu akanabweretsa apolisi pakhomo pa bambo tsiku lomwelo.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nandiuza kuti ndikhale pampando, chinthu chimene sanachitepo n'kale lonse.

"Anabadwa liti?"

Ndinkalidziwa tsiku lolembedwa pa chitupa chake: loyamba la chaka. Ndinawauza.

"Nyenyezi ya mbuzi," anatero. "Ndi wa dothi ameneyo."

Anatulutsa mnyamata wokwera kavalo wakuda, wonenepa, woima nji miyendo yonse inayi pansi. M'dzanja ananyamula mbale yozungulira yokhala ndi nyenyezi, akuiyang'ana mosamala ngati munthu wonyamula dzira, ndipo kumbuyo kwake kunali munda wolimidwa bwino. Adona anati mwa okwera akavalo onse uyu yekha ndiye sathamanga. Ndi wodekha, wakhama, amayeza mtsinje asanawoloke. Amachedwa kulemba kalata, amachedwa kubwera, koma amafika. Anandiuza kuti munthu wotere ngozi imamupeza atabisala kale.

Ndinatsuka mbale tsiku limenelo ndikuimba. Loweruka ndinatsika basi ndikuthamanga.

Ndinadikira bambo atuluke, pakuti iwo anali mkulu wa mpingo ndipo za makhadi sakanafuna n'kuzimva komwe. Amayi anali kuseri akusadzula nkhwani. Ndinawafotokozera zonse, kavalo wakuda, munda, kudekha. Anandimvetsera osakweza mutu. Nditamaliza anaseka, kuseka koyamba m'miyezi isanu, koma sikunali kuseka kokoma.

"Ameneyo ndi mwana wa yani?"

"Ndi khadi lake, amayi. Adona atero."

"Wodekha? Mwana uja anayamba kuthamanga asanaphunzire kuima! Adona akowo awombezera mwana wa eni ake. Wawauza kuti anabadwa liti?"

Ndinawauza.

"Iwe, zoona? Ndinabereka ndine kapena kalaliki? Tsiku limenelo analemba ndi munthu wa ku ofesi ya zitupa. Anafunsa bambo ako, bambo ako n'kumakanda mutu, iye n'kungolemba loyamba la chaka monga ankalembera ife Manyasarandi tonse. Pita ukafunse mu laini wa nyumba zathu muno, theka la amuna anabadwa tsiku limenelo. Mwana wanga anabadwa tsiku lotuluka ngumbi, izi anzathu akuno amati ishwa. Mvula yeniyeni itagwa, osati chizimalupsa. Azimayi amene anabwera kudzandithandiza analowa ndi mapiko a ngumbi m'maduku. Khirisimasi inali patsogolo ndi mwezi wathunthu."

Ndinachita manyazi, komanso ndinapsa mtima. Ndinabwera ndi uthenga wabwino, iwo n'kuukana chifukwa cha ngumbi. Ndinati nanga zili ndi kanthu, poti khadi lanena kuti adzafika? Iwo anati sangatonthozedwe ndi mwana wa munthu wina. Ngati mzunguyo amadziwadi ntchito yake, ndikamuuze tsiku loona.

Lolemba ndinadikira adona amalize kudya m'mawa. Ndinawafotokozera za kalaliki ndi ngumbi. Za ngumbi sanazimve bwino, koma atamva za mwezi umodzi Khirisimasi isanafike anawerenga pa zala, nadzuka okha kukatenga nsalu ija.

"Ndiye si mbuzi," anatero. "Ndi woponya mivi. Ndi wa moto."

Khadi limene anaika patebulo linali la kavalo wofiira, woimika miyendo yakutsogolo m'mwamba. Wokwerapo anavala malaya achikasu ong'ambika m'mphepete, ojambulidwa abuluzi, ndipo pachipewa pake panali nthenga zofiira zonga lawi. Analibe lupanga. Anagwira ndodo yaiwisi, yongodula kumene, masamba akuphukabe. Kumbuyo kwake kunalibe munda kapena nyumba, koma mchenga wokhawokha ndi timapiri titatu patali. Nkhope yake sinafanane ndi ya mlongo wanga ngakhale pang'ono, anali mzungu wa tsitsi lofiira. Koma kakhalidwe kake pakavalopo, kutsamira kutsogolo ngati kavaloyo akumuchedwetsa, ndinakadziwa msanga. Ndi mmene ankakwerera njinga ya bambo akaiba Lamlungu masana.

Adona anati abuluziwo ndi aja amene anthu akale a kwawo ankakhulupirira kuti amakhala m'moto osapsa. Anati nyenyezi ya woponya mivi imajambulidwa ngati cholengedwa chimene kumtunda ndi munthu, kumunsi kavalo, mutu ukuloza kutali, miyendo ikukana kuima. Anandisimbiranso nthano ya kwawo ya mmodzi wa zolengedwa zimenezo, amene anali sing'anga ndi mphunzitsi wa anyamata. Tsiku lina analasidwa mwangozi ndi muvi wapoizoni wa mnzake. Ankachiritsa ena onse, koma bala lake linakana mankhwala, ndipo kufa sakanafa chifukwa anali wa mtundu wa milungu. Potsiriza anapereka moyo wake wosathawo kuti munthu wina womangidwa amasulidwe, ndipo anamuika kumwamba pakati pa nyenyezi. Anaisimba pang'onopang'ono, akusalaza nsalu ija ndi chikhatho.

Kenaka anati, osandiyang'ana, "Munthu wa khadi ili sapita kukakumba pansi pa nthaka."

Ndinazindikira kuti bodza langa la migodi aligwira. M'maganizo ndinaona apolisi, ndinaona bambo akukwezedwa m'galimoto atavala ovolosi yawo.

"Khadi ili ndimalitulutsa pafupifupi Lachitatu lililonse," anatero. "Ndatopa nalo. Zimene zimanenedwa patebulo pano sizituluka pageti."

Ndinafunsa funso langa lenileni. Ali moyo?

Makhadi enawo sanawayale. Anati khadi la munthu limanena kuti munthuyo ndi wotani, limathera pomwepo. Za moyo ndi imfa iwo sanazidziwepo, ngakhale za ana a azimayi a Lachitatu aja. Anandiuza kuti sabata yatha anandipatsa mawu okoma chifukwa khadi lija linali lokoma, ndipo lero sangandinamize. Atatero analikulunga m'kapepala nandipatsa kuti ndikawaonetse amayi, libwere Lolemba. Ndinadabwa, chifukwa makhadi amenewo ngakhale kuwakhudza sindinkaloledwa. Sabata yonseyo linagona pansi pa pilo wanga, ndipo ndinkalida. Ndinaganizapo zokawauza amayi kuti adona akana kuombeza kachiwiri.

Lamlungu m'mawa bambo atapita ku tchalitchi, amayi anatsala akuti mutu ukuwawa. Anakhala pamkeka pakhomo la khitchini, dzuwa likuwomba miyendo. Sanandifunse kanthu chifikireni, koma ndinkadziwa kuti akudikira. Ndinagwada n'kuwapatsa ndi manja awiri.

Anapukuta manja pa chitenje asanalilandire. Analiyang'ana nthawi yaitali, akuliyandikitsa, akulitalikitsa. Ndinayamba kufotokoza za moto ndi nyenyezi, za sing'anga wa bala losapola, iwo n'kundiletsa ndi dzanja.

"Ndi iyeyu," anatero. "Uyu ndiye wanga."

Anaika chala pa ndodo ija. "Waona masambawa? Mtengo ukaudula umaphukabe masiku angapo. Sudziwa kuti wadulidwa."

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Mzunguyo wati abwera?"

Apa ndi pamene ndikanawanamiza. Akanandikhulupirira, chifukwa khadi anali atalivomera kale. Koma ndinali nditawaona akukana chitonthozo chabodza sabata yapitayo, ndipo ndinalibe mphamvu yowapatsa china. Ndinati adona akuti sakudziwa.

"Iye sakudziwa, ine ndikudziwa," anatero amayi mofatsa. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikudziuza kuti ndege zitabwera anabisala m'dzenje, ali phee, akudikira. Ndimamupanga mwana wina kuti akhale moyo. Wanga sakanabisala. Kukapsa nyumba mu laini muno, woyamba kufika anali ndani?"

Anandibwezera khadilo nandiuza kuti ndilisamale, ndi la eni ake. Kenaka anadzuka, analowa m'nyumba, nasintha chitenje kuvala chakale. Anatulutsa mipando ya pabalaza umodziumodzi kuiika panja, ine ndikungoyang'ana, osamvetsa, mpaka pamene anayamba kuyala mikeka pansi pomwe panali mipandoyo.

Bambo anafika cha m'ma leveni, Baibulo kukhwapa. Ataona mipando pabwalo anaima pageti navula chipewa.

"Bambo ake," anatero amayi ali pakhomo, "kaitaneni anthu aja."

Bambo anangogwedeza mutu natembenuka, chipewa chili m'manja. Amayi anakhala pamkeka, anatambasula miyendo, namasula duku. Anandiyang'ana ine kaye, ngati akundipepesa. Ndiye anakweza mawu kuitana mwana wawo, mokweza kwa nthawi yoyamba chichokereni iye, ndipo ndinamva zitseko zikutseguka mu laini monse. Ine amene ndinapita kwa azungu kukafuna mawu oti mlongo wanga ali moyo, ndinakhala pansi pambali pawo n'kuyamba kumulira.