Khomo la Bafa kwa Atelala

Atelala anakhala zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ya nsalu, mapazi pa makina, mapini mkamwa, tepi m'khosi. Anasokera mayunifolomu ana amene lero akubwera kudzasoketsa mayunifolomu a ana awo. Pa makina omwewo anamanga nyumba: chipinda chimodzi chaka chino, china patapita zaka ziwiri, bafa kumapeto kwenikweni njerwa zitatsala pang'ono kutha. N'chifukwa chake khomo la bafalo linali lopapatiza, loti munthu wathupi amalowa chammbali ngati nkhanu, ndipo pansi pake panali sitepe imene palibe ankakumbukira ntchito yake.

Pa nkhani ya amisiri mayiwa ankadzikhulupirira kwambiri. Ankati palibe bodza la mmisiri limene sakulidziwa, poti ambiri mwa mabodzawo anali atawanenapo okha. "Yangotsala zipi basi, mubwere mawa madzulo," ankauza kasitomala, nsalu yake isanaone n'komwe lumo. Ndiye ndani akanawanamiza iwo?

Amuna awo anali dalaivala wa basi za maulendo ataliatali, atapuma pantchito. Tsiku lina m'mawa anawerama kuti amange nsapato, n'kugwa pomwepo. Sitiroko. Anatuluka m'chipatala patatha milungu isanu ali pa njinga ya olumala, mkono ndi mwendo wakumanzere zitafa, koma pakamwa pali bwinobwino, mwatsoka la aliyense. Atelala anasamutsira makina pakhonde la nyumba kuti aziwayang'anira.

Njingayo inakana kulowa m'bafa. Inkaposa khomo ndi zala zinayi zokha. Choncho m'mawa uliwonse Atelala ankanyamula beseni kupita nalo kuchipinda, n'kuwasambitsa amuna awo pambali pa bedi. Bambo amene ankalongolola tsiku lonse, nthawi imeneyo ankangoti zii, maso kukhoma. Munthu woti ananyamula anthu makumi asanu ndi awiri paulendo umodzi, lero akupukutidwa m'khwapa ngati khanda. Kukhala chete kumeneko kunawapweteka Atelala kuposa msana.

"Khomo ili likulitsidwe, sitepe ichoke," anatero. Ntchito yake inali yomweyo basi.

Woyamba kumva anali alamu awo, mng'ono wa amuna awo, munthu amene pa vuto lililonse amakhala ndi "munthu wake".

"Alamu, musavutike. Ndili ndi munthu wanga. Manja ake ndi agolide."

Munthuyo anthu ankamutchula Zonsezonse, chifukwa ankamanga, kukhoma, kulumikiza magetsi, ndipo mphekesera zinkati anazulapo dzino. Anafika atavala shati yoyera, opanda tepi, opanda levulo. Khomalo analiyeza ndi maso, n'kulimenya kachibakera kawiri ngati akusankha vwende.

"Iyi ndi ya masiku awiri, mayi. Atatu mvula ikagwa."

"Mvula ikagwa m'nyumba muno?"

"Tikungokonzekera zonse, mayi."

Anazula chitseko ndi felemu yomwe, n'kugwira hamala. Ulendo wachisanu hamala inapeza mpaipi wa madzi m'khoma, madzi n'kuthovoka mpaka kudenga. Zonsezonse anapukusa mutu mwachisoni, nati amene anaika mpaipi pamenepo sankadziwa ntchito. Anaumanga ndi mphira, nati akukatenga sipanala, abwera pompano.

Sipanalayo iyenera kuti inali kutali. Tsiku loyamba pa foni anati ali panjira. Lachiwiri anali adakali panjira. Kenako anali pa maliro a azakhali ake. Patatha milungu itatu azakhali omwewo anamwaliranso.

"Pepani kwambiri, achimwene," anatero Atelala pa foni. "Koma akadzamwaliranso kachitatu mundiuze msanga, ndidzawasokere diresi."

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma kwa Atelala wamva m'mimba ankapeza chitsekocho chitatsamira khoma kuseri kwa nyumba. Pabowopo anapachikapo katani, losokedwa bwino ndithu, la mpendero wake, ndipo amene ali mkati ankakhoma loko ndi chifuwa: akamva mapazi, atsokomole. Njinga inkalephera kulowabe, poti sitepe inalipo, ndi mulu wa zidutswa za njerwa pamwamba pake. Alamu atafunsidwa anakanda m'mutu. "Ine kwenikweni ndimangomudziwira ku mpira."

Wachiwiri anamupeza ndi mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kutali ndipo amathandiza makolo kudzera pa foni.

"Amayi, masiku ano mmisiri safunsidwa kwa alamu. Onani zithunzi ndakutumiziranizo."

Pa zithunzipo panali nyumba zosanja, zamagalasi okhaokha, zoti mwina mwini wake wa zithunzizo anadutsapo pamsewu. Iye ankadzitchula Injiniya. Anabwera ndi magalasi akuda, ndipo m'kanjira ka mdima kopita kubafa sanawavule. Koma tisamunamizire, ntchito anaimaliza. Anaimaliza tsiku limodzi, ndipo vuto linali pamenepo. Sitepe sanaichotse, anangoithira simenti kutsogolo n'kupanga kachitunda kafupi, kotsetsereka, kosalala ngati mbale. Chitseko chachikulu anachiika chotsegukira mkati.

Madzulo a tsiku lachitatu, simenti itauma, anayesa, Injiniya ali pomwepo. Atelala anakankha njinga mpaka pamwamba, thukuta kamukamu. Njinga italowa, chitseko chinakana kutsekeka, poti njingayo inali panjira yake. Bambo anati abwerere m'mbuyo pang'ono. Mateyala atangogunda kachitunda kaja, njinga inanyamuka chafutambuyo, n'kudutsa kanjira konse, kudutsa Atelala, kudutsa Injiniya, mpaka inakaima pa kabati ya mbale pabalaza. Makapu a alendo anatha onse.

"Zaka makumi anayi pamsewu sindinagundepo ngakhale nkhuku," anakuwa bambo ali pakati pa magalasi osweka. "Lero ndagunda kabati m'nyumba mwanga!"

Injiniya anagwada, n'kuyang'ana njingayo mwaukatswiri. "Vuto ndi mabuleki, mdala." Asanatuluke anajambula chitsekocho.

M'mawa mwake beseni linabwereranso kuchipinda. Atelala atamaliza kusambitsa anakakhala pa makina, koma ulusi unkakana kulowa m'singano chifukwa maso anali atadzaza misozi. Anachita manyazi ndi mtima wawo womwe: katswiri wa mabodza wapusitsidwa kawiri, ndi mabodza amene iye mwini akanawanena bwino kuposa pamenepo.

Mlungu womwewo kunabwera bambo wina wamfupi, waimvi, atanyamula ovolosi yoti iikidwe zigamba. Anthu a mumsewumo ankawatchula Aduu, chifukwa mawu ankachita ngati ogula. Atelala anaitambasula ovolosiyo monga amachitira ndi chovala chilichonse. M'maondo munali mutabooka, chigamba pamwamba pa chigamba, koma kumatako nsalu inali ngati yatsopano. Anakumbukira mathalauza a amisiri awiri aja, onyezimira kumbuyo chifukwa cha mipando ya eni.

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Yomanga. Ndi ya matabwa pang'ono."

"Zamagetsi?"

"Sindidziwa."

"Mipaipi?"

"Ndimaitana amene amadziwa."

Atelala anatsala pang'ono kumeza pini. Chibadwire anali asanamvepo mmisiri akunena kuti sadziwa.

"Mungabwere mawa kudzaona bafa langa?"

"Ayi. Ndili pa ntchito ya eni ake. Lolemba la mlungu wachitatu."

Mayiwa anakwiya pang'ono, poti kukanidwa anali asanakuzolowere, anazolowera kulonjezedwa. Za ovolosi anati abwere mawa madzulo. Mawa madzulo Aduu anabweradi, chinthu chimene kasitomala wanzeru sachita.

"Yangotsala..." anayamba Atelala.

Aduu anayang'ana ovolosi yawo pamulu, ili momwe anaisiyira. Anangoima pomwepo. Atelala anaisoka nthawi yomweyo, mutu uli pansi, makutu akutentha.

Lolemba lija anagogoda seveni koloko isanakwane. Sanayambe ndi hamala. Anapempha kuti bambo akhale kaye pabedi, iwo n'kukhala pa njinga, dzanja lamanzere m'thumba, n'kuyamba kudziyendetsa ndi dzanja limodzi ndi phazi limodzi. Anayesa kachitunda ka Injiniya katatu, katatu konse n'kubwerera chafutambuyo. Kenako anapita kuchipinda.

"Bambo, mukafuna kuimirira, mumafuna kugwira pati?"

Miyezi yonseyi anthu ankakambirana za bafa la bambowa pamwamba pa mutu wawo, wina osawafunsa kanthu. Anayankha kwa ola lathunthu, kuyambira pa bafa mpaka pa mmene makwerero a basi amayenera kukhalira. Aduu ankangolemba manambala ndi pensulo pa kachidutswa ka thabwa.

Anati masiku asanu ndi anayi. Anagumula kachitunda ndi sitepe yomwe, n'kutsitsa pansi pa bafa kuti palingane ndi kanjira. Anabwera ndi pulambala weniweni, amene atamasula mphira wa Zonsezonse anaitana anzake pa foni kuti awafotokozere. Chitseko anachipachika pa kanjanji, chongokankhira kumbali ndi dzanja limodzi. Kukhoma la kumanja anakhomako chitsulo chogwirira, n'kulendewera okha kuti aone ngati chingazuke.

Mkangano unabuka pa matailosi. Atelala ankafuna oyera onyezimira, ngati amene anaona kwa kasitomala wawo wina wolemera.

"Oterera," anatero Aduu.

"Nyumbayi ndi yanga, bambo."

"Ndi yanu. Mukafuna amenewo, itanani wina."

Anaika okhakhala, amtundu wa phulusa, osasangalatsa ngakhale pang'ono. Atelala anawalanga ndi tiyi wopanda shuga masiku awiri. Aduu anamwa, n'kuthokoza, osazindikira kuti alangidwa. Tsiku lachisanu ndi chinayi anasesa, anatola zida zawo, n'kupita. Alamu anabwera kudzaona, manja kumbuyo, nati, "Aaa, ameneyu ndimamudziwa! Mukanandifunsa."

M'mawa wotsatira bambo anadziyendetsa okha kuchokera kuchipinda, thaulo paphewa. Analowa, anakankha chitseko, n'kukhoma. Madzi anayamba kuthira. Posakhalitsa kunamveka nyimbo, mawu okhakhala ngati injini yakale, osagwirizana ndi chuni chilichonse chodziwika. Atelala anaima m'kanjira atagwira pakamwa, misozi ikutsika, osafuna kuti awamve.

Patatha theka la ola misozi inauma. Patatha ola anagogoda.

"Bambo, muli moyo mmenemo?"

"Pitani mukasoke uko! Munthu asasambe?"

Kuyambira tsikulo Atelala amasamba pambuyo, madzi otentha atatha.