Alamu anga ndi magetsi a nyukiliya

Chigayo chathu chili ku Chinamwali, kumunsi kwa msewu. Anatisiyira mayi, ine ndi mlongo wanga. Chili ndi mota ya magetsi, komanso injini yakale ya dizilo yoliza ndi handulo. Magetsi akathima ndimachotsa lamba ku mota n'kumukoleka ku injini. Palibe mzimayi amabwerera ndi chimanga chake pamutu. N'chifukwa chake anthu amadutsa zigayo zina n'kubwera kwathu.

Mwamuna wa mlongo wanga anakhala zaka zambiri ku Kepitauni, kuthirira maluwa kwa mzungu. Anabwerako ndi jekete lachikopa ndi liwu limodzi: nyukiliya. Akuti ankaona nyumba zopangira magetsi a nyukiliyawo m'mphepete mwa nyanja, ali pawindo la minibasi. Sanalowemo. Ngakhale pageti sanafikepo. Koma polankhula munkati anazimanga ndi iye.

Ankabwera ku chigayo m'mawa uliwonse, osagwira thumba ngakhale limodzi. Ankangoima potero, kuopa ufa pa jekete.

"Alamu," ankatero, "vuto la dziko lino n'kudalira Shire. Madzi akachepa, mdima. Akasefukira, mdima. Nyukiliya sidikira mvula. Kamwala kokwana m'dzanja kayatsa Zomba yonse mpaka pamwamba pa phiri. Ndipo mwalawo tili nawo, amakumba ku Karonga."

"Nanga ku Joniko magetsi sathima?"

"Amathima, koma..."

"Basi."

"Mundimvetse, alamu. Kumeneko nyukiliya ndi yochepa, ambiri ndi a malasha."

"Ndiye mukuti olemera aja ili yochepa, ife ndiye tidzakhala nayo yambiri?"

Ankaseka ngati akuseka mwana. Ankati sukulu yanga ya pulayimale ndi imene ikundivuta. Mwina. Koma ndikudziwa kuti magetsi sauluka. Amayenda m'mawaya, mawayawo pa mitengo, mitengoyo chiswe chimadya. Mphepo ikatsika paphiri mtengo umodzi umagwa, tonse n'kukhala chete masiku awiri. Kaya magetsiwo achokera kumadzi, kaya kumwala, akafika pa mtengo wakugwa aima.

Tsiku lina ananena kuti makina a nyukiliyawo amafuna madzi ozizira ambiri, ndiye angamangidwe pa damu la Mulunguzi. Ndinamufunsa kuti madzi amene timamwa aja? Ndinamufunsanso za phulusa lake, poti iye yemwe anati limapha kwa zaka zosawerengeka. Anati amalikwirira pansi mosamala. Ndinamulozera dzala la kuseri kwa msika, limene lakhala likununkha chibadwire mwana wanga woyamba. Sanayang'ane.

Zikanathera pakamwa sindikanasamala. Koma anayamba kunyengerera mlongo wanga kuti injini ya dizilo igulitsidwe, pamalo pake paikidwe chokonolera cha magetsi. Ankati dizilo ndi zakale, amasowa, amanunkha, ndipo magetsi osathima ali m'njira. Pa kusowa kwa dizilo sananame. Ndaimapo pamzere ndi chigubu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Koma chigubu ndimachiona ndi maso. Nyukiliya yake palibe anakumbapo ngakhale maziko.

Kwathu kuno mkamwini salamula katundu wa kuchikazi. Mwini mbumba ndine. Ndikanangoti ayi, nkhani ikanatha. Koma chigayo chili pamalo a mlongo wanga, ndipo iye anali atavomera kale mwamuna wake. Kukana pagulu kukanakhala kumuvula pamaso pa mwamunayo, n'kumusiyira ndewu m'nyumba. Sindinkafuna zimenezo. Ndinangoti, "Chabwino, abwere wogulayo."

Wogula anali bambo wina wa golosale wochokera ku Songani. M'mawa wa tsiku lomwe ankabwera, ndinamasula pampu ya dizilo, ndinachotsa kasipuling'i kam'kati, n'kubwezera zonse bwinobwino. Kasipuling'iko ndinakaika m'chibokosi cha machesi. Popanda iko pampu sikankha mafuta.

Bamboyo anafika ndi lole ya hayala. Alamu anavala jekete lija, nayamba kuyamikira injini yomwe dzulo lake ankaitcha chiphakasa.

"Alamu, ilizeni aimve," anandiuza.

Ndinapukusa handulo. Inangopuma. Ndinapukusanso. Zii. Wogula anavula wotchi, napukusa yekha mpaka thukuta. Alamu nawo anayesa, handulo inawabwerera n'kuwamenya pachigongono.

"Dzulo imalira bwinobwino!" anatero akudzisisita.

"Zakale zimatero," ndinayankha. "Munanena nokha."

Wogula anati sanabwere kudzagula maliro, ndipo wa lole amulipire amene anamuitana. Ananyamuka. Alamu sanandilankhule masiku atatu. Anali masiku abwino.

Tsiku lachinayi magetsi anathima m'mamawa. Cha m'ma naini kunafika amayi a chigwirizano ochokera ku Sadzi, atasenza matumba. Kunali maliro, anthu anali atadzaza kale pasiwa, ufa unali utatha. Zigayo zonse za m'njira zinali chete. Amayiwo anakhala pansi pakhomo pathu n'kumandiyang'ana.

Ndinaima pakati pa mota ndi injini. Kuiliza kunali kudziulula kuti ndinanamiza alamu. Kusailiza kunali kubweza amayi a pamaliro.

Mlongo wanga analowa, natseka chitseko.

"Achimwene, kaja kali kuti?"

"Kati?"

"Musandiyese mlendo. Ndinakulira muno. Mayi ankachotsa komweko bambo akafuna kubwereketsa injini kwa anzawo a kumowa."

Ndinamufunsa motsitsa mawu.

"Munkadziwa tsiku lija?"

"Ndinamva mmene imapumira. Bwezeranimo msanga, anthu akudikira."

Ndinatulutsa chibokosi cha machesi. Iye anandigwirira sipanala. Ndinakoleka lamba, ndinapukusa kawiri, inalira, utsi wakuda n'kutulukira pazenera. Panja amayi aja anayamba kumasula matumba.

Alamu anabwera akuthamanga kuchokera kunyumba, opanda jekete.

"Yachira bwanji? Alamu, yachira bwanji imeneyi?"

Ine ndinali kuthira chimanga. Anatembenukira kwa mkazi wake.

"Ndimuimbire wa ku Songani uja abwerenso?"

"Musamuimbire," anatero mlongo wanga. "Ikhala pomwepa. Nyukiliya yanuyo ikadzafika pa Chinamwali mudzandiuze, ndidzaigulitsa ndekha. Panopa gwirani thumba ili, ufa ukutayika."

Anagwira. Thumba loyamba chibwerere ku Joni.