Vinyo wa asewere a ku Douro

Uthenga unandipeza pamsika wa ku Woolwich, ndikusankha therere. Foni kulira, ndi mdzukulu wanga, namwino amene ndinamlera ndekha: "Agogo, mnyamata amene ndili naye pachibwenzi wandifunsira! Makolo ake akubwera Loweruka kuchokera ku Portugal."

Nthungululu pomwepo! Therere mbwee pansi, wogulitsa kukamwa yasa.

Loweruka anafikadi m'fulati mwathu, bambo wa mnyamatayo atafukata botolo ngati khanda. Mnyamata ankamasulira kwa mdzukulu, mdzukulu kwa ine. Akuti vinyo wofiirayu ngwa m'munda wa makolo awo ku Douro, kumene mphesa zimamera m'mizere yochinga ndi miyala, phiri lonse mpaka kumtsinje. Anabzala ndi agogo a agogo awo. Pokolola, mphesazo amaziponda ndi mapazi, akuimba. Botololi bamboyo analisunga kuyambira mnyamatayo ali wakhanda, kudikira tsiku lomupemphera mkazi.

"Mapaziwo amasamba?" ndinafunsa. Mdzukulu sanamasulire.

Bamboyo anathira pang'ono m'tambula n'kulunjika kwa ine. Ine manja pindu. Iwo chiimire, tambula m'malere. Akazi awo maso pansi. Mdzukulu anandinong'oneza: "Agogo, chonde. Akuyesa mukukana ukwati."

"Ndikane ine? Mwana iwe, kwathu wofulula ndiye amayamba kumwa, alendo aone kuti mulibe kanthu. Ndimwe bwanji mwiniwake asanalawe?"

"Kwawo amayamba ndi wamkulu amene akumlemekeza."

Ha! Iwo akundipatsa ulemu wakwawo, ine ndikudikira wakwathu, ana pakati thukuta kamukamu.

Anawo atawafotokozera, bamboyo anaseka mpaka misozi. Anamwa, n'kugwira pamimba, n'kudzandira ngati akugwa, akazi awo kuwamenya paphewa. Anathiranso. Ndinalandira ndi manja awiri. Kumanga lilime ngati nthochi yosapsa, koma pakhosi kufunda, kufunda mpaka mumtima.

"Uwauze asewerewa kuti mwana ndawapatsa, ndipo Mulungu ndamuthokoza."

Mdzukulu analira, ine ndinayambitsa nyimbo. Khomo silinatsekedwenso tsiku limenelo. Anabwera amalume ake a ku Peckham ndi akazi awo, anabwera amayi a kwaya a ku Lewisham, anamwino anzake yunifolomu ili m'thupi, mayi wa ku Zambia wa khomo loyandikana, abusa ndi mayi busa, ndi adzukulu anga ang'onoang'ono aja oyankha m'Chingerezi, onse, onse anabwera!