Khofi amene ndinamuphika ngati kalongonda

Pali nkhani imene bambo a mwana wanga sakuidziwa mpaka lero, apongozi anga ndiye nkomwe. Theka la khofi woyamba amene apongoziwo anatitumizira kuchokera ku Misuku lili m'dzala kuseri kwa nyumba ya amayi. Ndinakwirira ndekha ndi khasu, mwana ali kumbuyo.

Mwamuna wanga ndi mphunzitsi, anabwera kuno ku Chiringa ndi ntchito. Titakwatirana anamanga pamalo pa amayi anga, monga timachitira kwathu kuno. Kwawo kumpoto ndi mkazi amene amatsatira mwamuna. Apongozi sanabwere ku ukwati, ati miyendo, ati ulendo ndi wautali, koma ine ndinkaona ngati mumtima mwawo akuti mwana wawo wabedwa ndi Alomwe. Pafoni ankandipatsa moni wachidule, kenako, "Mupatseni mwana wanga foniyo."

Mwana atabadwa anatumiza uthenga woti akubwera kudzaona mdzukulu. Iwo asanafike kunatsogola phukusi la khofi wa m'munda mwawo, losokedwa m'kathumba ka nsalu. Mlungu womwewo bambo a mwana ankapita ku Zomba ku maphunziro a aphunzitsi, ndipo ponyamuka anangoti, "Amayi sayamba tsiku opanda khofi. Ndawauza kuti asade nkhawa, mkazi wanga ndi wa kukoleji."

Wa kukoleji! Satifiketi yanga ndi ya kompyuta. Khofi amene ndinkamudziwa ndi wa m'kachitini uja, waufa, amene tinkabwerekana ndi anzanga ku Blantyre nthawi ya mayeso. Nditamasula kathumba kaja ndinapeza nyemba zotuwa mobiriwirako, zolimba ngati timiyala, zonunkha udzu wouma. Kuti ndifunse, manyazi. Ndinaganiza kuti mwina izi ndi monga masamba a tiyi, umangowiritsa. Ndinatapa theka lonse, poti ndinkafuna kuti ndiyeserere mokwanira, n'kutereka pamoto.

Madzi anasanduka achikasu. Nditalawa, ndinakumbuka mankhwala a m'mimba amene tinkamwa tili ana. Nthawi imeneyo amayi anatulukira kuchokera kudimba, khasu paphewa.

"Ukuphika chiyani chonunkha msipu?"

"Khofi wa apongozi."

Anatunga pang'ono ndi chipande, analawa, n'kulavula. "Iwe, sukulu yonse ija! Nyemba yowawa chonchi umamwa madzi oyamba? Ukuyamwitsatu iwe. Taya msanga."

Musawaseke amayi anga, chifukwa inenso ndinaona kuti akunena zoona. Ife tinakulira kalongonda. Aliyense kwathu kuno amadziwa kuti nyemba imene ija ukaiphika mwaulesi imazunguza mutu, mwinanso kupha kumene. Umawiritsa, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, mpaka kuwawa konse kutatha. Ndiye nditamva mawu oti "ukuyamwitsa" ndinayang'ana mwana wanga ali gone pamphasa, ndinanyamula poto n'kukakhuthula kuseri.

Tinachita zimenezo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Kuwiritsa, kutaya, kuwiritsa, kutaya. Nkhuni zimene tinasungira alendo zinathera pamenepo. Madzi anafika poyera ngati a pamjigo, nyemba zinatupa koma kufewa ayi. Amayi analuma imodzi, anagwira chibwano.

"Anthu akumpotowa ali ndi mano, ndawagonjera."

Tinaziponyera nkhuku. Tambala anajompha imodzi, anaiyang'ana ndi diso limodzi, n'kumapita.

Kutacha ndinaimbira bambo a mwana, mawu nditawakonza bwino kuti asandigwire.

"Kodi amayi amakonda khofi wotani? Pajatu aliyense ali ndi makonda ake."

"Wokazinga bwino basi, asapserere. Akayamba kuthetheka ngati chimanga paphale ndiye kuti wayandikira. Posinja asachite kusalala ngati ufa woyera. Koma iwe ukudziwa kale zimenezi."

"Eya, ndimangofuna kutsimikiza."

Kukazinga! Ndinakhala pansi foni ili m'manja. Tsiku lomwelo ndinakumba dzala lija mozamirapo.

Theka lotsalalo ndinayamba kulisamala ngati mbewu. Ndinkatapa kadzanja kamodzi kokha. Koyamba ndinakoleza moto waukulu ngati wokazingira mtedza, mwana analira, ndinathamangira kukamunyamula, pobwerera ndinapeza makala. Utsi wake unamutsokomoletsa, ndipo ndinazungulira naye bwalo lonse ndikuika khutu pachifuwa pake, amayi akuti, "Mwanayo ali bwinobwino, wodwala ndiwe." Kachiwiri ndinaphula msanga ndi mantha, khofi wake anali wowawasa ngati bwemba. Pamenepo ndinazindikira kuti ntchito imeneyi siifuna mwana pafupi. Ndinamupereka kwa agogo ake, ndinachepetsa moto, ndinatakasa osapumira. Nyemba zinachoka kutuwa kupita kuchikasu, kenako zinafiira ngati chulu chonyowa, n'kuyamba kuthetheka. Timankhusu tinkauluka m'maso. Ndinakhuthulira mulichero n'kupeta, monga mmene ndimachitira ndi mtedza.

Kamtondo kathu kankanunkha nsinjiro, ndiye ndinayamba ndasinjamo madeya kuti fungo lichoke. Munsi utangomenya nyemba zija, abale, fungo lake! Linadzaza bwalo, linadumpha mpanda. Amayi anatulutsa mutu pakhomo.

"Tsopano pakhomo pano pakununkhira ngati hotela ya ku Limbe."

Kufulula kwake kunandivutanso. Ndikawiritsa ufawo pamoto nthawi yaitali, ankawawa mpaka kukhosi. Ndinadzapeza kuti ndi bwino kuphula madzi akangowira, kuwaleka kuti adekhe pang'ono, kuthira ufa n'kuvundikira. Nthawi yosinthira mwana thewera n'kusamba m'manja inkakwana ndendende. Ndikatero ndinkasefa ndi kasefa ka tiyi.

Amayi anasuzumira m'kapu. "Madzi akuda chonchi ndiye otaya enieni."

"Amayi, amenewa ndiye amamwa."

"Nanga nyemba zake?"

"Zimenezo ndiye amataya."

Anandiyang'ana, anayang'ana kudzala, n'kugwira pakamwa. Tinaseka mpaka mwana anadzidzimuka. Ine ndinangopsontha pang'ono, ndipo masana onse ndinkamuyang'anitsitsa mwana kuti mwina sagona. Anagona tulo tofa nato. Komabe kusikelo ndinawafunsa anamwino, iwo anati kakapu kamodzi si mlandu.

Apongozi anafika Loweruka pakabaza, bambo a mwana, amene anali atabwerako ku Zomba, akuwatsatira pambuyo ndi chikwama. Ndinkayembekezera chimunthu chachikulu. Anatsika mayi wamfupi, wa mawu okweza, fumbi mpaka m'nsidze. Anamulandira mwana n'kuyamba kumuyankhula m'chiyankhulo chakwawo, ine anangondipatsa dzanja.

M'mawa mwake kunali chiperoni, aliyense atafunda chitenje pakhonde. Ndinagwada ndi thireyi ya makapu. Apongozi ananunkhiza kaye, n'kumwa. Anamwanso.

"Wakazinga ndani?"

"Ndine, amayi."

"Ndimadziwa. Mwana wangayu amapsereza chikhalire." Bambo a mwana anafuna kudziteteza, iwo anawatonthoza ndi dzanja. Kenako anaona kathumba kaja pathireyi, anakanyamula, anakayesa kulemera kwake. "Koma watha msanga bwanji? Ndinatumiza wambiritu ine."

Ndinali pafupi kuulula zonse, dzala ndi tambala yemwe. Koma amayi anga, amene anali atakhala potero ndi kapu yawo ya tiyi, anayankha osaphethira.

"Ndine, asewere. Ndinamukonda. M'mawa kapu, madzulo kapu."

Nkhope ya apongozi inawala ngati munthu wakumana ndi mnansi kudziko lachilendo. "Eee! Nanga mukumweranji tiyi? Mpongozi, athirireni asewere. Wopanda shuga, ngati ine, ndi mmene amakomera."

Ndinathira. Amayi anamwa kapu yonse nkhope ili yowongoka, koma ine ndinkaona chala chawo chachikulu chakuphazi chikukanda pansi. Ndipo zinakhala choncho m'mawa uliwonse mpaka alendo anabwerera.

Amayi sanagonje osabwezera. Tsiku lina anaphika kalongonda, anathira mchere ndi tsabola, n'kuwaikira asewere awo. Apongozi anamaliza mbale, anapempha ina, n'kufunsa kaphikidwe kake. Atamva kuti timawiritsa n'kumataya madzi, anaomba m'manja.

"Kutaya msuzi! Anthu akummwera inu, muli ndi zinthu."

Ine ndi amayi tinaseka mopitirira muyeso wa nthabwalayo, mpaka bambo a mwana anafunsa ngati kalongondayo anapsa bwino.

Tsiku lonyamuka, apongozi atakwera kale kabaza, anandikodola. Anati khofi wotsatira ndimusiye pamoto pang'ono pokha kuposa apa, ndisaope. Kenako anandigwira dzanja n'kuti, "Mwana wanga, usamale mwanayo ndi mwamunayo, onse ndi ako." Masiku ano akaimba foni amayamba ndi ine, mwana wawo amadikira.

Vuto ndi lakuti maphukusi tsopano amabwera awiri, lina la ife, lina la asewere. Amayi amati ndinawaika m'goli. Khofi wawoyo amamwa ndithu, atathira shuga wochita kuimika supuni, ndipo ndawapezapo kangapo akununkhiza kamtondo.

Nthawi zina ndikamakazinga ndimaganiza zowauza apongozi. Ndikudziwa kuti angaseke, koma ndiye kuti ndawaulula amayi anga, amene anamwa zowawa mlungu wathunthu kuti ine ndisachite manyazi. Nanga inu mukadatani? Ndinalakwa kukhala chete pakhonde paja?